Abiti Sumaili ndi Chipere cha Pachitunda

Abiti Sumaili ndinawadziwira pa phala. M'chaka cha 2017 ndinasamutsidwa kuchoka kufupi ndi Songani kubwera pasukulu ina ya m'dera la Mwambo, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa. Anandipatsa sitandade 1, ana oposa zana, opanda kalasi. Tinkaphunzirira pansi pa mkuyu, ndipo mvula ikangochita mdima ndinkawauza kuti athamangire kwawo. Amayi a m'mudzi ankasinthana kuphika phala la ana. Lachiwiri lililonse mthiko unkagwiridwa ndi mayi wina wamfupi, wa mpango woyera, amene ankayenda maso ali pansi ngati wataya singano. Dzina lawo ndi Sauda, koma palibe ankawaitana choncho. Aliyense ankati Abiti Sumaili, potengera dzina la bambo awo.

Tsiku lina ndinawafunsa chimene amafunafuna pansipo.

"Palibe chataika, aphunzitsi," anayankha. "Ndine wa mchere ine. Khosi linazolowera."

Anabadwira m'mudzi womwewo, pamalo a amayi awo. Ali mtsikana, nyanja ikabwerera m'chilimwe, ankapita ndi amayi awo kukapala dothi lamchere lomwe limatsala m'mphepete. Dothilo ankalithira madzi m'mbiya yobooka kunsi, n'kuphika madzi odonthawo mpaka atauma. Ntchito imeneyi inatha mchere wa m'sitolo utafala, koma maso a wopala mchere anawatsalira. Chilichonse choyanga pamwamba pa dothi amachidziwa: choyera chamchere, choyera chowawa, chakuda chopindika m'mbali. Anakwatiwa ndi msodzi, anabereka ana asanu ndi mmodzi, awiri anamwalira. Amunawo atamwalira iwo anapitiriza kulima mpunga m'dambo, ndipo sanasamukepo m'mudzimo.

Chaka chotsatira makolo anagwirizana kumangira ana aang'ono buloko ya zipinda ziwiri. Anaumba njerwa miyezi itatu, abambo pachikombole, amayi kutunga madzi. Uvuni unapsa bwino. Aliyense ankadziwa kuti njerwa zimenezo n'zokhazo. Makolowo sakanaumbanso zina zaka zambiri, ndiye buloko ikangomangidwa pamalo olakwika, ana anga akanabwerera pansi pa mkuyu.

Malo analipo awiri. Ena anali kumunsi, pafupi ndi bwalo la mpira: osalala, dothi lofewa, mjigo uli pomwepo, uvuni uli pomwepo. Ena anali kachitunda ka kuseri kwa sukulu, kamiyala, kouma, komwe ngakhale mbuzi sizinkapitako chifukwa kulibe msipu. Chaka chimenecho nyanja inali itathawa kutali kwambiri, mabwato atagona pamatope ong'aluka, mphepo ikubweretsa fumbi lokhalokha. Mawu oti chigumula ankamveka ngati nthabwala.

Lachiwiri lina atatha kutsuka miphika, Abiti Sumaili anandikodola.

"Tiyeni kuseriku. Tengani ketulo iyo, muli madzi."

Tinakwera kachitundako. Pakati pa timiyala, pamalo opanda udzu, anaima n'kuloza pansi ndi chala cha kuphazi. Ndinaona chinthu chotuwa ngati phulusa lakale, choyala padothi m'mabala ozungulira, ena ngati chikhatho, ena aakulu ndithu. Ndinali nditadutsapo kangapo osachiona.

"Ichi amayi anga ankachitcha chipere cha pansi. Ena amachitcha bwanji, sindidziwa. Gwadani, buluku muchapa."

Ndinagwada. Pamwamba pake panali pong'aluka timizere, ndipo m'timagawomo munali timaenje takuda, tozungulira, tating'ono ngati mutu wa singano. Iwo anachikanda pang'ono ndi chikhadabo. Mkati munali moyera ngati ufa, ndipo kunsi chinali chitagwira dothi zolimba koma popanda muzu ngakhale umodzi. Kenako anathira madzi pang'ono.

"Dikirani. Musalankhule, aphunzitsi mumakonda kulankhula."

Tisanakhazikike n'komwe, kutuwa kuja kunayamba kulowa kubiriwira, ngati tsamba loonekera m'nkhungu. Chinafewa pang'ono koma sichinasungunuke kapena kuterera.

Pamenepo ndinakumbukira tsamba lina la m'buku la sayansi ku koleji ya uphunzitsi, lokamba za laikeni. Ndinalemba mayeso pa chinthu chimenechi, ndinakhoza, koma chithunzi chake chinali cha pakhungwa la mtengo, ndipo sindinaganizepo kuti chingamere padothi. Ndinawafotokozera zimene bukulo linkanena: kuti ndi zamoyo ziwiri zokhala thupi limodzi. China ndi cha mtundu wa bowa, chimene chimapanga thupilo n'kumasunga madzi. China ndi ndere zing'onozing'ono zobiriwira zimene zimakhala mkati, n'kumapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa. Madzi akanyowetsa khungu lakunja, kubiriwira kwa nderezo kumaonekera.

Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anafunsa: "Nanga pa awiriwo, mkamwini ndi uti?"

Ndinati buku silinanene.

"Buku lanulo linalembedwa ndi mwamuna," anatero akuseka.

Zimene iwo anandiuza tsiku limenelo m'bukumo munalibe. Ali wamng'ono anapalapo chiperecho poyesa mchere, amayi awo n'kuwakalipira kuti apala chinthu chimene chinayamba iwo asanabadwe. Anandionetsa bala lina pafupi ndi mwala wosongoka. Pamene mwana wawo woyamba anali kumsana, akuti linali ngati mbale ya ndiwo. Tsopano mwanayo ali ndi adzukulu, ndipo balalo langofika pa lichero. Sichimera pamene khasu limapita, kapena pamene ng'ombe zimaponda. Moto wa osaka mbewa ukadutsa chimafa. Pamthunzi sichifuna, ndipo pachonde udzu umachiphimba, n'chifukwa chake chimakonda malo osauka, a dzuwa, pamene madzi a mvula amangodutsa.

"Koma chimene chimadana nacho kwambiri ndi kumira," anatero. "Chaka chomwe ndinali ndi mwana uja kumsana, nyanja inabwera kudzatichezera mpaka m'nyumba. Chiperechi chinkatsika kupitirira apo, pali chitsa apo. Madzi atabwerera anasiya matope pamwamba pake, ndipo kuchokera pachitsa kutsika m'munsi sichinabwererenso mpaka lero. Mukachiona chachikulu chonchi, dziwani kuti pamenepo madzi sanagonepo zaka zambirimbiri. Ana anu muwaike kuno."

Ndinawafunsa chifukwa chake sanganene okha pamsonkhano wa komiti.

"Pamsonkhano amalankhula ndi amipando. Ife a pamphasa timayankha kuti zikomo. Inu muli ndi taye, akumverani."

Cholakwa changa chinabwera apa. Pofuna kuchita zinthu mwadongosolo, ndinaganiza zoyendera malo onse awiri msonkhano usanachitike. Kumunsi kuja, m'mbali mwa bwalo la mpira, ndinapezanso choyanga padothi. Chinali chakuderako, chong'aluka, chouma gwa, ndipo chinali chambiri kuposa cha pachitunda. Ketulo sindinatenge. Sindinagwadenso, chifukwa ndinali nditavala buluku la msonkhano. Ndinachiyang'ana nditaima n'kuganiza kuti ndi chomwecho, kungoti dothi lakuda lachidetsa.

Pamsonkhano wapampando wa komiti, Bambo Makisoni, analankhula zoona zokhazokha. Anali munthu wakhama, ndipo njerwa zambiri zinadutsa m'manja mwawo. Anati kumunsi maziko tikumba masiku awiri, kuchitunda ndi sabata ziwiri ndi mapiki. Anati njerwa zonse zija kuzikweza pamtunda ndi kuzunza anthu amene atopa kale. Ine nditaimirira ndinafotokoza za chizindikiro chimene Abiti Sumaili anandionetsa, kenako ndinawonjeza kuti ndachipezanso kumunsi, choncho malo onse awiri ndi abwino. Anthu anawomba m'manja. Abiti Sumaili tsiku limenelo kunalibe, anapita kumaliro kutsidya la dambo. Madzulo ake abambo anakhoma zikhomo n'kumanga chingwe m'mbali mwa bwalo la mpira.

M'mawa wa tsiku lokumba, abambo atafika ndi makasu, amayi atandanda ndi ndowa pamjigo, tinaona Abiti Sumaili akubwera ndi ketulo m'manja. Sanapereke moni wautali. Analowa mkati mwa chingwe n'kuima pakati.

"Aphunzitsi, akuti mwachipeza kuno. Ndionetseni."

Ndinaloza.

"Gwadani."

Ndinagwada pamaso pa makolo onse. Iwo anatola kachidutswa kamodzi. Kanachoka kokha ngati pepala lopsa, kopindika m'mbali.

"Chija cha kumtunda chinachoka chonchi?"

"Ayi, mayi."

"Timaenje tija mukutiona?"

"Palibe."

"Thyolani. Mkati mwayera?"

Munali mwakuda monse. Anathira madzi padothi, ndipo posakhalitsa choyangacho chinasanduka chonanda, choterera ngati therere. Anachipaka pachala n'kundiika pamphuno. Chinkanunkha dambo. Kenako anafukula dothi la kunsi kwake ndi chikhadabo n'kutulutsa tizigoba titatu ta nkhono za m'madzi, n'kutiika m'dzanja langa.

"Izi ndi zotsala za madzi. Pamene pagona madzi, akamauma amasiya chikopa chawo. Chija chimati kuno madzi safika. Ichi chikuti kuno ndiye pogona pathu. Inu mwawerenga kalata ya imfa ngati ya ukwati."

Amayi apamjigo anaseka mpaka ena kukhala pa ndowa. Ine ndinavomera pamaso pa onse kuti ndinalakwitsa, kuti ndinayang'ana nditaima.

Bambo Makisoni sanaseke. "Mayi, timakulemekezani. Koma ine pano ndakhala zaka khumi ndi zisanu. Madzi apa amafika mu akakolo, masiku awiri aphwa. Tisiye malo abwino chifukwa cha chipere?"

"Zaka khumi ndi zisanu! Bambo a Patricia, inu kuno munabwera ndi sutikesi, tinakulandirani ndife. Ndinu nonse amipando: uyu wa ku Jali, uyo wa ku Phalombe, aphunzitsiwa a dzulodzuloli. Nyanja yeniyeni simunaione. Ine pamene mwaimapo ndinadutsapo pabwato, ndikupita kuchipatala ndi mwana."

"Nanga njerwa akweze ndani?"

"Mesa amatunga madzi ndi mchenga ndife? Kapena mwayamba liti kusenza pamutu?"

M'midzi imeneyi mwamuna ndi amene amasamukira kwa mkazi, choncho amene anabadwira pamalopo n'kukulira pomwepo ndi amayi. Komiti yathu inali ya amuna asanu ndi awiri ndi mayi mmodzi wosunga makiyi. Zimenezi ndinali ndisanaziganizirepo mpaka m'mawa umenewo.

Mayi wina wachikulire anati naye akukumbukira bwato lija. Wina anatchula mtengo wa mango umene unauma chaka chimenecho. Kenako mkazi wa Bambo Makisoni anatula ndowa yake, n'kupita pa uvuni, n'kusanja njerwa zinayi pamutu, n'kuyamba kukwera chitunda. Ena anamutsatira. Bambo Makisoni anaima kwa kanthawi atagwira m'chiuno, kenako anazula chikhomo choyamba okha.

"Tikathyoka misana, mudzatiphikira phala inuyo," anatero.

"Lachiwiri," anayankha Abiti Sumaili.

Ntchito inali yowawa monga ananenera wapampando, ndipo inaposa pamenepo. Mapiki awiri anathyoka. Maziko anatenga sabata zitatu. Panali masiku ena pamene anthu ankabwera asanu okha, ndipo ine ndinkapewa kukumana maso ndi Bambo Makisoni. Abiti Sumaili anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti buloko ikhale chakumtunda pang'ono kuti bala la pamwala wosongoka lisakumbidwe. Mabala ena ambiri anapita ndi maziko. Iwo anati palibe kanthu, chatiuza kale zimene chimadziwa.

Ana analowa m'kalasi chaka chotsatira. Tsiku loyamba mvula inagwa tili mkati, ndipo anawo anaimirira okha kuti athawe monga mwa chizolowezi. Ndinawauza kuti akhale pansi. Anakhala, akuyang'ana kudenga, akumvetsera malata. Sindinaphunzitse kanthu kwa mphindi khumi.

Vuto lotsatira linali tsache. Pasukulu iliyonse yomwe ndaphunzitsapo, bwalo laukhondo ndi bwalo lopalidwa mpaka dothi kuwala, ndipo ana amabwera ndi masache m'mawa uliwonse. Kukamveka kuti kukubwera alendo, timatulutsa makasu. Lachiwiri lina Abiti Sumaili anapeza ana a sitandade 5 akupala kutsogolo kwa buloko, ndipo anasiya phala pamoto n'kuthamangira kwa ahedi. Anawatengera pamalo amene anapalidwa mwezi wapitawo n'kuwaonetsa timingalande timene mvula inali itayamba kale kukumba. Kenako anawaonetsa pamene chipere chinalipo, dothi lili phee, ngati lasokedwa. Ahedi anali munthu womva. Kuyambira tsiku limenelo mbali ya kumwala siseseredwa, ngakhale alendo ena amafunsa chifukwa chake pamenepo tapasiya pauve.

Mu Malichi 2023, namondwe Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osaleka, madzi a m'mitsinje ndi a m'nyanja anakumana m'dambo. Pabwalo la mpira panatsala mitengo ya magolo yokha, ikuonekera theka. Pamene panali chingwe chija munthu wamkulu madzi ankamufika m'chiuno, ndipo anakhala sabata zingapo. Kuchitunda anafika pafupi ndi chitsa chija n'kuima.

Nyumba zambiri za kumunsi zinagwa, ndipo ina inali ya Abiti Sumaili. Ankadziwa bwino lomwe kuti malo awo ndi otsika, koma ndi malo amene amayi awo anawasiyira, ndipo ena analibe. Anabwera ku buloko atasenza mphasa, ketulo ndi thumba la mbewu ya mpunga. Mabanja oposa makumi atatu anakhala m'zipinda ziwirizo ndi m'matenti apanja, amayi ndi ana chipinda china, okalamba china. Banja la Bambo Makisoni linali pomwepo. Tsiku lina masana ndinawapeza awiriwo atakhala pakhonde akuyang'ana madzi.

"Mayi," anatero Bambo Makisoni, "msana unapola."

"Ndaona. Mwagona bwino pamiyala yanga."

Anthu ochuluka chotero sangakhale pamalo osaponda. Pomwe ankabwerera m'midzi, pafupifupi chipere chonse cha pachitunda chinali chitaperesedwa ndi mapazi, nkhuni ndi mafuwa. Bala la pamwala wosongoka lokha ndi limene linatsala, chifukwa patangopita tsiku limodzi anthu atafika, Abiti Sumaili analizunguliza ndi zidutswa za njerwa, ndipo ankakalipira aliyense wofuna kuyanikapo zovala. Ndinawauza kuti ndikumva chisoni ndi mabala enawo. Anati adzabwerera ngati tiwasiya, koma ife awiri sitidzawaona, adzawaona ndi ana a ana anga a m'kalasi.

Pano amakhala kwa mwana wawo wamkazi, chakumtunda. Mthiko anausiya chifukwa mapewa sakulola, koma sabata yoyamba ya chaka chilichonse amabwera kusukulu ndi ketulo yawo. Ndimatulutsa sitandade 1 yatsopano m'magulu a ana khumi, n'kuwagwaditsa mozungulira njerwa zija. Galasi lokuzira zinthu la sukulu limayenda dzanja ndi dzanja kuti aliyense aone timaenje. Ine ndimanena za bowa ndi ndere, mwachidule, chifukwa ndikatalikitsa amandiyang'ana. Kenako ndimawaonetsa kachidutswa kakuda ka kumunsi ndi tizigoba titatu tija, timene ndimasunga m'kabotolo mu kabati, ndipo ndimawauza kuti mphunzitsi wawo anasokonezapo ziwirizi chifukwa choopa kudetsa buluku. Pamenepo ana amaseka kwambiri, ndipo ndaona kuti ndi gawo limene saiwala.

Chaka chino, titamaliza gulu lomaliza, ndinawathokoza monga ndimachitira nthawi zonse, chifukwa cha denga limene ana anga akukhalamo. Anagwedeza dzanja ngati akuingitsa ntchentche, n'kutenga lichero limene anabwera nalo, n'kulivundikira pabalapo mosamala. M'mphepete monse munatsala kamzere kotuwa kotulukira kunja, kopyapyala ngati chikhadabo.

"Laposa lichero," anatero. "Chaka chamawa mubwere ndi beseni."